Tsamba la Kumpoto Silikuoneka

Foni inalira Kafufuze asanatule n'komwe chikwama. Woimba anali mng'ono wake, uja anakwatiwa kutsidya kwa malire, kudziko la kumpoto, komwe ali ndi kasaluni kake koluka tsitsi.

"Achemwali, nyali za kuntchito kwanuzi bwanji kodi? Yanga dzulo inatentha ngati simbi. Nditangoigwira chonchi ndinaiponya pabedi."

"Iti? Ya chogwirira chobiriwira tinagula limodzi kwanu konko ija?"

"Yomweyo. Koma musavutike, ndafufuza kale pafoni. Ndinangolemba kuti 'nyali ya dzuwa ikutentha', tsamba la kampani yanu n'kutulukira pamwamba penipeni. Likuti kutentha si vuto, ndi mmene imagwirira ntchito. Ndiye ndawauza amayi onse obwera kusaluni kuti mitima pansi. Paja ambiri anagula ataona yanga."

Kafufuze anaseka. Anaseka ndithu mokoma mtima, chifukwa mawu amene mng'ono wake anawerengawo anawalemba ndi iyeyo. Ntchito yake inali imeneyo: kuonetsetsa kuti munthu akalemba chilichonse chokhudza nyali za dzuwa m'makina osakira pa intaneti, kaya ali m'dziko lino, la kumpoto kapena la kum'mwera, tsamba la kampani yawo ndilo liyambe kumulonjera. Dzina loti Kafufuze anamupatsa ndi anzake a muofesi, chifukwa munthuyu ngakhale pa tiyi sankakusiya osakufunsa kuti, "Iwe ukamafuna nyali umalemba mawu otani?"

"Waona? Achemwali ako si anthu wamba," anatero, n'kudula foni.

Atatembenuka anapeza Madala ataima kumbuyo kwake, kapu ili m'manja koma osamwa. Madala ndi amene ankasamala webusayiti ya kampani ndi seva, kompyuta yoisungiramo, bambo wa imvi mpaka m'makutu, woumira mawu. Pakhomo pa munthu sankaimapo pachabe.

"Dzulo simunabwere, mayi."

"Ndinali kuchipatala ndi amayi. Shuga uja anakweranso. Kwagwanji?"

Madala anamupatsa kalata yochokera kufakitale. Inkanena kuti nyali zonse za chogwirira chobiriwira zomwe zinapita kumpoto zinali ndi mabatire olakwika. Batire likatentha limafufuma, likafufuma limaphulika moto. Nyumba ziwiri zinali zitapsa kale, ndipo m'nyumba imodzi mwana anapsa mkono. Nyali za dziko lino ndi za kum'mwera zinalibe vuto, mabatire ake anachokera kwina.

"Chenjezo ndinaika dzulo lomwelo patsamba la kumpoto, monga anandiuzira abwana," anatero Madala. "Zilembo zofiira, zikuluzikulu. Koma kuyambira dzulo mpaka pano, anthu amene atsegula tsamba limenelo ndi asanu ndi mmodzi. Anayi mwa iwo ndife tomwe muno."

Kafufuze anangokhala pampando kuti khwethe, n'kumuimbira mng'ono wake uja.

"Iwe, nyali ija itulutse panja pompano. Uiike pamchenga, kutali ndi nyumba, kutali ndi ana. Amayi onse unawauza aja uwauzenso kuti achite chimodzimodzi."

"Aaa, achemwali, nanga tsamba lanu si likuti..."

"Ndati tulutsa! Zikuphulika, ukumva? Zikuotcha nyumba!"

Mng'ono wakeyo anayankha ndi mawu aang'ono. "Ena ndilibe manambala awo. Amangobwera akafuna kuluka."

Tsono musafulumire kumuweruza musanamve mmene zinayambira. Kampaniyi inali ndi masamba atatu, dziko lililonse lake. Popeza mayiko atatuwa amalankhula chinenero chimodzi, masambawo anali ofanana ngati mapasa: zithunzi zomwezo, mawu omwewo, kusiyana nambala ya foni ndi adiresi pansi basi. Makina osakira akaona masamba ofanana chotere amasowa loti aonetse, ndiye atatu onsewo ankangokokana miyendo n'kumagwera m'munsi mwa zotsatira, komwe sikufika munthu. Miyezi isanu ndi itatu yapitayo Kafufuze anapeza mankhwala ake. Anabisa kamzere kamodzi kumutu kwa tsamba la kumpoto ndi la kum'mwera, kouza makinawo kuti, "Ili ndi kope chabe, tsamba lenileni ndi la dziko lino." Makina anamvera. Anataya masamba awiriwo n'kuunjika mphamvu zonse pa limodzi, ndipo mwezi usanathe linali pa nambala wani m'mayiko onse atatu. Madala anafunsapo nthawi imeneyo kuti, "Nanga tsiku lina tikadzafuna kuuza a kumpoto okha kanthu?" Iye anayankha kuti nyali ndi nyali, dzuwa ndi lomwelo konsekonse. Anthu anaseka, abwana anamuombera m'manja pamsonkhano, Madala anabwerera kumpando kwawo.

Lero ndiye linali tsiku lina lija. Munthu aliyense wa kumpoto amene nyali yamuotcha dzanja, akafufuza pafoni, ankafikira patsamba la dziko lino, lomutonthoza kuti kutentha si vuto. Tsamba la chenjezo linalipo ndithu, koma makina sankalionetsa kwa aliyense, chifukwa Kafufuze anawauza yekha kuti asamalionetse.

Kamzere kaja anakafufuta nthawi yomweyo, sizinatenge ndi mphindi yomwe. Koma kufufuta kokha sikuchiza. Makina osakira ali ndi kapologalamu koyendera masamba, a ntchito imeneyi amangokatcha kangaude. Kangaude akabwera, amawerenga tsamba n'kukanena kwawo zomwe wapeza, ndipo zomwe wanenazo ndi zomwe anthu amaona mpaka adzabwerenso. Tsamba lotchuka amaliyendera pafupipafupi. Tsamba lomwe anauzidwa kuti ndi kope chabe, ha, amatha milungu osasuzumirako.

"Tsamba la kumpoto anabwerako liti komaliza?" anafunsa Kafufuze.

Madala anayang'ana m'kaundula wa seva, momwe mumalembeka mlendo aliyense wofika pawebusayiti. "Masiku makumi awiri ndi atatu apitawo."

"La dziko lino?"

"Dzana. Limenelo amalikonda. Mutamuitana lero, akhoza kubwera lero lomwe."

Anayang'anana. Njira inali imodzi basi, ndipo onse awiri anaiona: chenjezo liikidwe patsamba la dziko lino, pamutu penipeni, poti aliyense wofufuza aliwerenge asanatsegule n'komwe tsambalo.

Ofesi ya abwana inali ya magalasi, yonunkhira pefyumu, pashelefu pali nyali za mitundu yonse zitandandalikidwa. Abwanawo anali munthu wansangala, wa mtundu uja amakumwetulira uku akukuponda phazi. Anamumvetsera Kafufuze mpaka kumapeto, akupukuta mawotchi a m'manja mwawo awiri kuti asankhe lovala.

"Ndiye mukuti ndinu munalibisa tsambalo?"

"Ndine, bwana. Ndinalakwitsa."

"Iyayi, musadzinyoze. Munagwira ntchito yabwino, ndipo ikugwirabe." Anamwetulira. "A zamalamulo anati tiike chenjezo patsamba la dziko lokhudzidwalo. Taika. Ogulitsa athu akuluakulu tawalembera makalata. Chilengezo cha pawailesi chikukonzedwa, chituluka sabata yamawa. Palibe angatiloze chala."

"Sabata yamawa, bwana? Nyali zimenezi anthu anagula m'timashopu ndi kwa oyenda nazo m'manja. Palibe amene ali ndi mayina awo. Madzulo ano aziyatsa pambali pa ana akulemba za kusukulu."

"Ndipo masana ano ine ndili ndi alendo kuchipinda cha misonkhano. Akufuna nyali za masukulu onse a m'manja mwawo. Chaka chathunthu ndakhala ndikuwanyengerera anthu amenewa. Nyali zathu za kuno zilibe vuto lililonse, inunso mukudziwa. Ndiye mukufuna atsegule tsamba lathu apeze mawu oti moto? Nkhuku ikadwala kwa aneba, mumapha zanu?"

"Tikhoza kulemba momveka kuti ndi za kumpoto zokha."

"Anthu sawerenga, mayi. Amangoona zofiira n'kuthawa. Inu ndi amene munandiphunzitsa zimenezo." Anavala wotchi yasiliva, n'kufewetsa mawu. "Amayi ali bwanji kodi? Ndinamva kuti dzulo munali kuchipatala. Khadi lathu lija likuthandiza, eti? Chipatala chimene chija n'chabwino kwambiri. Lachisanu tikumane, tisayine kontalakiti yanu yatsopano. Tsamba la dziko lino musalikhudze."

Kafufuze anatuluka. Munthu uja sanakweze mawu ngakhale pang'ono, koma anadziwa pogwira. Khadi la kuchipatala la kampani ndilo linkasunga amayi ake ndi moyo: jakisoni wa tsiku ndi tsiku, dokotala wa maso, mankhwala a bala la kuphazi lomwe linali litangoyamba kuuma. Asanapeze ntchitoyi ankadzuka nawo m'mamawa kukaima pamzere, n'kubwerako ndi kapepala koti mankhwala kulibe. Kafufuze ankaopa kubwerera kumeneko. Ankaopa zedi, ndipo manthawo anamuchititsa manyazi.

Ndiye anayesa njira zina zonse, monga achitira munthu amene akudziwa khomo koma akufuna potulukira pena. Anatumiza pempho kumakina osakira kuti kangaude akayendere tsamba la kumpoto. Analemba chenjezo pamasamba a mchezo a kampani a kumpoto, komwe owatsatira anali ochepa moti akanakwana m'basi imodzi. Anaimbira wogulitsa wamkulu wa kumeneko, amene anati kalata waiona koma ali pa ulendo. Mphindi khumi zilizonse ankatsegula chida chomuonetsa zotsatira monga amazionera munthu wa kumpoto, n'kulemba kuti "nyali ya dzuwa ikutentha". Nthawi zonse pamwamba pankabwera mawu ake omwe, aulemu, otonthoza: Musadandaule, kutentha pang'ono ndi mmene nyali yanu imagwirira ntchito. Anawalemba chaka chatha ataona kuti anthu ambiri amafunsa funso limenelo, ndipo nthawi imeneyo anali oona.

Makina oziziritsa mpweya ankadontha m'ndowa pakona, tho, tho, tho. Anzake a zamalonda ankakangana za mtundu wa mabaluni oika pakhomo polandira alendo. Nthawi ya chakudya itakwana Kafufuze sanatsegule n'komwe kontena yake. Anatsika masitepe n'kukaima panja, pafupi ndi shopu ya matayala, pomwe phokoso la makina opopera linkamuthandiza kuti asamve maganizo ake.

Foni inaliranso.

"Achemwali, ndapeza zisanu ndi ziwiri, zili pamchenga kuseri kwa saluni. Koma anthu akundivuta. Mayi wina wandinyoza pamaso pa makasitomala, akuti ndikufuna ndimulande nyali ndikagulitse. Watsegula foni yake n'kundionetsa tsamba lanu, akuti, 'Eni ake akuti palibe vuto, iwe ndiwe ndani?' Wapita nayo kwawo. Ali ndi khanda, achemwali, amagona nalo pamatilesi apansi, nyali kumutu."

"Unamuuza kuti wamva kwa munthu wa kukampani konko?"

"Ndamuuza. Akuti ngati achemwali ako amagwiradi kumeneko, bwanji osalemba patsambapo?" Anapuma. "Inenso ndikufunsa zomwezo. Bwanji osalemba?"

Kafufuze anayang'ana mnyontho wakuda wa mafuta pansi pa shopu ya matayala. Anali ndi zifukwa, zambirimbiri, zomveka bwino, koma panalibe ndi chimodzi chomwe choti n'kuuza mng'ono wake pafoni osatsamwa nacho.

"Ndikuimbira," anatero.

Alendo anafika nthawi itangopitirira hafu pasiti wani, anthu asanu a masuti, ndipo abwana anakwera nawo kuchipinda cha misonkhano akuseka kuseka kwawo kwa alendo. Kafufuze ankadziwa ndondomeko yonse, paja zithunzi za msonkhanowo anakonza ndi iye. Abwana amayamba ndi mbiri ya kampani, kuchokera pomwe inali kagalaja. Kenako amayatsa nyali imodzi n'kuigwetsa pansi dala kuti anthu aone kulimba. Pomaliza penipeni amatsegula webusayiti pasikirini yaikulu ya pakhoma, kuti adzitame kuti ali pa nambala wani m'mayiko atatu. Kuchokera pagalaja kufika pawebusayiti pankatenga mphindi makumi anayi, akakhala kuti alendo sakufunsa zambiri.

Kafufuze anakoka mpando n'kutsegula tsamba la dziko lino. Mutu wake unali woti, Nyali za dzuwa zolimba, zowala mpaka m'mawa. Anaufufuta. Analemba kuti, CHENJEZO: Nyali za chogwirira chobiriwira zogulidwa kumpoto zikuphulika moto. Pansi pake anaika mizere iwiri: Zimitsani, tulutsani panja, ikani pamchenga. Imbani nambala iyi. Kenako anapita pa mawu ake otonthoza aja n'kuwachotsa onse, chilembo ndi chilembo.

Chala chinaima pamwamba pa batani. Anaona phazi la amayi ake lili pampando, bandeji yoyera bwino, namwino akuti likupola. Anadina.

Kenako anatumiza pempho loti kangaude abwere.

"Ine sindinaone kanthu, mayi," anatero Madala osatembenuka. "Maso angawa ndi okalamba." Koma pakompyuta yawo anali atatsegula kale kaundula wa seva, ndipo anaipendeketsa pang'ono kuti Kafufuze aziona ali pomwe anali.

Mizere inkakwera, mlendo aliyense mzere wake. Foni ya munthu wa kum'mwera. Kompyuta ya munthu wa dziko lino. Foni ina. Kangaude ayi. Chenjezo linali patsamba, inde, koma anthu ambiri satsegula tsamba, amangowerenga timizere tomwe makina awaonetsa n'kutseka foni. Pofunika kusintha panali pamenepo, ndipo wosintha anali kangaude yekha. Abwana akachotsa chenjezo kangaudeyo asanafike, ndiye kuti ntchito yatha, khadi lapita, ndipo mayi wa khanda uja akuwerengabe kuti musadandaule.

Mphindi khumi. Kumwamba kunamveka kuseka kwa anthu ambiri.

Mphindi makumi awiri. Kafufuze anapita kukamwa madzi, anaiwala kumwa, anabwerera ndi kapu yodzaza.

"Nthawi zina amabwera pa mphindi zisanu," anatero Madala chapansipansi. "Nthawi zina mawa. Alibe ulemu ameneyu."

Mphindi makumi atatu ndi ziwiri. Denga linagunda kuti gu! Nyali ija inali itagwetsedwa. Kunamveka kuomba m'manja. Mtsikana wa zamalonda wokhala moyang'anana naye anatsegula webusayiti kuti aone mtengo, ndipo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndani wachita izi?" Mmodzimmodzi anthu anasiya zomwe ankachita, mpaka muofesi monse munangotsala kudontha kwa madzi m'ndowa.

Kumwamba kuseka kunaduka ngati wina watseka mpopi. Mpando unakhuluzika. Chitseko chinamenyedwa. Nsapato zinatsika masitepe awiriawiri.

Abwana analowa opanda kumwetulira, ndipo aka kanali koyamba anthu kuona nkhope yawo yeniyeni. Sanamuyang'ane n'komwe Kafufuze. Analunjika kwa Madala.

"Chotsani chinthu chimenechi. Pompano."

"Chinthu chiti, bwana?"

"Musandiyese mwana! Bwezerani tsamba mmene linalili!"

"Oho, tsamba. Chabwino, bwana." Madala anayamba kufufuza magalasi awo. Anasisita thumba la malaya, la thalauza, anatsegula dirowa, anaitseka. Magalasiwo anali pamutu. Atawapeza anawapukuta ndi tayi, diso ili, kenako diso ilo. Analemba pasiwedi ndi chala chimodzi. "Aaa, yakana. Paja tinasintha Lolemba."

Kafufuze anasuzumira pakaundula. Foni. Foni. Kompyuta. Kangaude kulibe. Madala sakanatha kuchedwetsa mpaka kalekale, anali ndi ana awonso. Kafufuze anaimirira n'kukaima pakati pa abwana ndi desiki ya Madala.

"Ndaika ndine, bwana. Madala sakudziwapo kanthu."

"Ndikudziwa kuti ndinu. Chokani apo."

"Ndinalibisanso ndine tsamba la kumpoto." Anakweza mawu kuti ofesi yonse imve. "Miyezi isanu ndi itatu yapitayo ndinauza makina kuti tsamba limenelo ndi kope chabe. Madala anandichenjeza, ine ndinawaseka. Nonse munalipo, munaseka nawo. Lero anthu akufufuza chifukwa nyali zikuwaotcha, ndipo akupeza mawu anga oti asadandaule. Mwana wapsa kale mkono. Mng'ono wanga weniweni anaiponya pabedi dzulo, pabedi, bwana!"

"Mayi, alendo anga ali pamwambapa akuyang'ana mawu oti moto pakhoma lonse!"

"Kwerani mukawauze zoona. Muwauze kuti za kuno zilibe vuto, ndipo za kumpoto tikuzichotsa. Mwina akukhulupirirani kuposa kale."

"Mundiphunzitse malonda inuyo? Ndinakutolani mulibe ndi kompyuta yomwe!" Anamuzungulira n'kuwerama paphewa la Madala. "Lembani pasiwedi imeneyo ndikuona. Ikakananso, mutuluka nonse awiri."

Madala analemba. Inavomera. Tsamba linatseguka, zilembo zofiira zili ngwee. Anayendetsa kamuvi pang'onopang'ono kupita pa batani lobwezera zakale. Kafufuze sankayang'ananso abwana. Maso ake anali pakona ya sikirini, pomwe mizere inkakwerabe. Foni. Kompyuta. Foni. Anapemphera pemphero lopanda mutu ndi mchira, mawu awiri okha obwerezabwereza.

Mzere wina unakwera, wautali kuposa anzake, wopanda dzina la foni kapena la kompyuta ya munthu. Kumapeto kwake kunali dzina lija ankalidziwa ngati la mwana wake. Kangaude anali atafika, wawerenga tsamba lonse, wapita.

Madala anauonanso. Anatsokomola kamodzi, n'kudina.

"Ndachotsa, bwana."

Abwana anaweramuka, anakonza tayi, anapuma mwamphamvu ngati munthu amene wazimitsa moto ndi manja. Za kangaude sankazidziwa, iwo ankadziwa za nambala wani basi. Anatembenukira kwa Kafufuze, kumwetulira kuja kukubwerera pang'onopang'ono.

"Lachisanu musavutike kubwera. Mudutse kwa mayi wa za antchito musanatuluke."

Mayi wa za antchito anali wachifundo, ndipo chifundo chakecho chinawawa kuposa kukalipa kwa abwana. Anamupatsa katoni ya mapepala a pulinta kuti aikemo katundu. Anamuuza, maso ali pansi, kuti khadi la kuchipatala ligwirabe ntchito mpaka kutha kwa mwezi. Kafufuze anayang'ana kalendala ya pakhoma. Anatsala masiku asanu ndi anayi.

Madala anamunyamulira katoni mpaka pansi pa masitepe. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Kangaude akabweranso mwina ndi mkuja, mwina mtondo. Masiku awiri amenewo ndi anu, mayi. Ndipo kamzere kanu ka kumpoto sindikabwezeretsa, palibe wandiuza."

Pasiteji ya basi panali anthu ambiri, dzuwa likupendeka koma likuotchabe. Anaika katoni pakati pa miyendo n'kutulutsa foni. Analemba mawu aja. Pamwamba panabwera mutu wakale, nyali zolimba, zowala mpaka m'mawa. Basi inabwera, inadzaza, inapita, iye osakwera. Analembanso. Zomwezo. Kodi anauona bwino mzere uja? Kodi kapena kangaude anawerenga n'kukasunga kwawo kuti adzasinthe sabata yamawa? Zimachitika zimenezo, iye ankadziwa bwino kuposa aliyense. Basi yachiwiri inapita. Kondakitala anamufunsa ngati akudikira ndege.

Foni inalira m'manja momwemo, mpaka anatsala pang'ono kuigwetsa.

"Achemwali! Zasintha! Pamwamba penipeni, CHENJEZO, zilembo zikuluzikulu! Mayi wina wangolowa nayo kuno akuthamanga, ataikulunga m'thaulo lonyowa. Anthu akutumizirana chithunzi chake m'magulu onse, mpaka cha kutchalitchi kwa apongozi anga chandipeza. Kuseri kwa saluni kuli nyali khumi ndi zisanu ndi imodzi, ina yafufuma ngati buledi."

"Wa khanda uja?"

"Ndamutumizira chithunzi, sanachitsegule. Foni yake ikungoitana."

"Tseka saluni upite. Usaimbenso, pita ndi miyendo yako ukagogode. Umuonetse pafoni yako."

"Ndili ndi mutu wa munthu pakatikati, achemwali."

"Usiye choncho, adzamaliza mawa. Thamanga!"

"Chabwino, ndikupita." Kunamveka makiyi. "Koma ndiye kuntchito kwanuko akunyadirani lero. Akupatsani chiyani?"

Kafufuze anayang'ana pakati pa miyendo yake. "Katoni," anatero. "Thamanga, iwe."

Uthenga unamupeza ali m'basi, ataima, katoni ili pamutu pa munthu wokhala amene ankang'ung'udza njira yonse. Unali wa mawu atatu: Ndaitenga. Inali yotentha. Anawerenga kawiri, misozi n'kuyamba kutsika yokha, ndipo analibe dzanja lopukutira.

Atafika kunyumba anapeza amayi ake ali pakhonde, phazi lili pakampando, akusoka batani pa yunifolomu ya mdzukulu wawo. Anakweza maso, anaona katoni, anaona nkhope, n'kubwezanso maso pa singano.

"Wabwera msanga lero."

"Eya, amayi."

"Wadya?"

"Ayi."

Anatula katoni pansi n'kukhala pasitepe, pafupi ndi phazi lija. Anakonza bandeji pomwe inapindika, ngakhale sinkafunika kukonza. Mumsewu ana ankabwera kuchokera kusukulu akukankhana, wake ali pakati pawo, akumukwezera dzanja patali.

"Amayi, majakisoni aja atsala a masiku angati?"

Singano inaima. Amayi ake anaika yunifolomu pambali n'kumugwira dzanja.

"Tandiuza, mwanangu," anatero. "Yambira poyambirira."